Ana asukulu m'Chigwa cha Phalombe ndi phunziro la kuteteza nyanja

Dziko la Malawi silinagundane ndi nyanja yamchere, ndipo ana ambiri a m'boma la Phalombe amangoiona pa mapu. Komabe mavuto omwe akuopseza nyanja zikuluzikulu za padziko lapansi, monga kutha kwa nsomba, kuipitsidwa kwa madzi ndi kusintha kwa nyengo, amaoneka bwino lomwe pa Nyanja ya Chilwa, yomwe ili kumpoto kwa chigwachi. N'chifukwa chake mphunzitsi wa kuno ali ndi poyambira pafupi.

Nyanja yopanda potulukira madzi

Nyanja ya Chilwa ndi yachiwiri pa kukula m'dziko muno ndipo yazunguliridwa ndi maboma a Phalombe, Zomba ndi Machinga. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani, yochokera ku mapiri a Mulanje ndi Michesi, komanso ya Likangala, Thondwe ndi Domasi, imathira madzi ake m'nyanjayi, koma palibe mtsinje womwe umatulutsa madziwo. Potero dothi lokokoloka, zotsalira za feteleza ndi mapepala apulasitiki zikalowamo zimakhala momwemo. Nyanja zamchere nazo zili chimodzimodzi, pakuti zimalandira zonse zobwera ndi mitsinje popanda kwina kozipititsa.

Nyanjayi si yakuya, choncho mvula ikavuta kwa zaka zotsatizana imaphwa. Inauma m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, inachepa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope. Nthawi zonsezi asodzi a matemba, makumba ndi milamba anasowa pogwira, ndipo mabanja odalira malonda a nsomba anavutika kupeza chakudya ndi zofunika za ana kusukulu.

Chifukwa cha kufunika kwa madambo ake ndi mbalame zam'madzi, nyanjayi ndi malo oyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar, lomwe maiko anasainirana ku Iran mu 1971. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaiikanso m'gulu la malo a zachilengedwe ofunika kusamalidwa.

Njira ya madzi kukafika ku Indian Ocean

Si madzi onse a m'chigwachi omwe amathera m'Chilwa. Mtsinje wa Thuchila umalowera kumwera n'kukathira mu Ruo. Ruo amakumana ndi Shire pa Chiromo, Shire amathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique, ndipo Zambezi amakathera m'nyanja yamchere ya Indian Ocean. Wophunzira akatsata njira imeneyi pa mapu amazindikira kuti botolo lotayidwa mu Thuchila likhoza kukafika kunyanja yamchere.

Nyanja yamchereyo imakhudzanso moyo wa kuno mwa njira ina. Anamondwe amabadwira pamwamba pa madzi ofunda a m'nyanja, ndipo akatswiri a zanyengo amati madziwo akamatentherabe anamondwe amanyamula mvula yochuluka. Namondwe wa Freddy, yemwe anagwa m'mwezi wa Malichi 2023, anachokera ku Indian Ocean ndipo anapha anthu oposa 600 m'Malawi. Phalombe linali limodzi mwa maboma omwe anakhudzidwa kwambiri. Akuluakulu amakumbukiranso napolo wa mu Malichi 1991, yemwe anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana.

Zomwe ophunzira ayenera kudziwa

Choyamba ndi kasodzedwe. Makoka a maso ang'onoang'ono ndi masikito ogwiritsidwa ntchito posodza amakokolola nsomba zomwe sizinaswane. Lamulo la usodzi la 1997 linapereka mwayi woti anthu a m'midzi azitengapo mbali posamalira nsomba kudzera m'makomiti a m'madooko, ndipo nyanjayi imatsekedwa kwa asodzi a makoka m'nyengo ya mvula pomwe nsomba zikuswana.

Chachiwiri ndi mitengo. Kudula mitengo m'mapiri ndi kulima mpaka m'mphepete mwa mitsinje kumachititsa kuti dothi likokoloke n'kukakwirira nyanja.

Chachitatu ndi zinyalala ndi ukhondo. Boma linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsochi mu 2019. Matenda a kolera akhalanso akubuka pakati pa asodzi okhala m'zimbowera, zomwe ndi timisasa toyandama pamadzi, kaamba koti madzi akumwa ndi omwewo omwe alandira zonyansa.

Kaphunzitsidwe kake

Nkhani zimenezi zimapezeka kale m'maphunziro a zaulimi, sayansi ndi jogalafe m'sukulu za pulayimale ndi sekondale. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1947, limathandizanso magulu a ophunzira oona zachilengedwe m'sukulu zambiri za m'dziko muno. Kuyambira mu 2010, pologalamu yothandiza anthu ozungulira Nyanja ya Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo, yomwe inayendetsedwa ndi akatswiri a ku Chancellor College ndi thandizo la dziko la Norway, inafikanso m'madera a m'boma la Phalombe.

Phunziroli silifuna zipangizo zodula. Ophunzira akhoza kutunga madzi a mumtsinje m'botolo mvula itagwa n'kuona kuchuluka kwa dothi lomwe ladikha pansi, kufunsa agogo awo za zaka zomwe nyanja inauma, kapena kufesa mitengo pa nazale ya pasukulu. Masiku a pa 2 Febuluwale, lokumbukira madambo, ndi pa 8 Juni, lokumbukira nyanja zamchere, ndi nthawi yabwino yochitira zimenezi pamodzi ndi makolo, mafumu ndi alangizi a zausodzi.