Chizindikiro chosaoneka chakumapeto kwa mzere

Aphunzitsi ambiri mukuwakumbukira makina otayipira akale aja. Mzere ukamatha belu linkalira, wotayipa n'kukankha chogwirira. Chogwiriracho chinkachita zinthu ziwiri: kubweza pepala poyambira, ndi kulikweza kuti mzere watsopano uyambe m'munsi. Ntchito ziwirizi zikadali m'makompyuta athu, kungoti sitiziona.

Mu 1901, Donald Murray wa ku New Zealand anakonza njira yotumizira mauthenga pawaya, ndipo ntchito iliyonse mwa ziwirizi anaipatsa chizindikiro chake. CR chinkauza makina akutali kuti abwerere poyambira, LF chinkawauza kuti atsike mzere umodzi. Mu 1963, ku America kunakhazikitsidwa ndondomeko ya ASCII yopatsa chilembo chilichonse nambala. CR inapatsidwa 13, LF inapatsidwa 10.

Makompyuta atachuluka, opanga ake sanagwirizane. A Unix anaona kuti LF yokha ikukwanira, ndipo Linux ndi mafoni a Android anatsata momwemo. Apple inkagwiritsa ntchito CR yokha mpaka 2001, pamene inasamukira ku LF. MS-DOS ya 1981 inasunga zonse ziwiri, ndipo Windows inatengera pomwepo. N'chifukwa chake Bloco de Notas ya Windows inkangozindikira mapeto a mzere ikapeza CR ndi LF zili limodzi. Microsoft inakonza zimenezi mu 2018, mu Windows 10.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Chinyanja chinayesedwa m'kalasi kuno ku Tete mu pulojekiti ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo maphunziro a zinenero ziwiri anayamba kufalikira mu 2003. Komabe zowerenga za ana n'zochepa, moti aphunzitsi amalemba okha nyimbo, ndakatulo, zilapi ndi mindandanda ya mawu a Chinyanja ndi Chipwitikizi. Fayilo ya .txt yolembedwa pafoni ikatsegulidwa pakompyuta ya Windows 7 ku Fingoé, mizere yonse ingathe kulumikizana n'kukhala chingwe chimodzi chachitali. Pamndandanda, liwu lomaliza la mzere limamatirira ku liwu loyamba la mzere wotsatira. M'ndakatulo, mwana wa kalasi yoyamba sadziwanso popumira.

Mukaona zotere musaifufute fayiloyo, musayambenso kutayipa mwatsopano. Palibe chatayika: nambala 10 ija ili pamalo pake kumapeto kwa mzere uliwonse, pulogalamuyo ndiyo ikulephera kuiwerenga. Itseguleni ndi WordPad, Word kapena LibreOffice, mizere ibwerera. Ndipo musanasindikize zimene mnzanu wakutumizirani, werengani mizere yake, mumufunse ngati chiwerengerocho chikufanana ndi chake. Nyimbo imene agogo anauza mphunzitsi kamodzi kokha iyenera kufika kwa ana mizere yake ili monga anaiyimbira.