Miyala 17 ya m'wotchi ya ku Joni

Amene ndinakuphunzitsani History mukukumbuka wotchi imene ndinkaika patebulo phunziro lisanayambe. Inali ya malemu bambo anga, anaigula ku Joni. Pankhope pake panalembedwa kuti 17 Jewels, ndipo mawu amenewa anatsala pang'ono kupasula banja lathu. Titangoika maliro, amalume anaumirira kuti m'katimo muli miyala 17 yokwana kugulira ng'ombe.

Bambo anapita paselufu, monga ambiri a kuno. Anadutsa pachipata chathu chino, Zobue, Tete, mpaka kuwoloka Zambezi. Anzawo a Wenela ankakwera ndege, kufikira mu April 1974 pamene ndege ina inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Nthawi imeneyo m'migodi ya ku South Africa munali Amalawi oposa 100,000. Munthu akabwerako popanda wotchi, njinga kapena wailesi, pamudzi ankamufunsa kuti kodi ankakatani kumeneko.

Amalume sananame kwenikweni, miyalayo ilimodi. Mu 1704 Nicolas Fatio de Duillier, ali ku London, anapeza njira yoboolera timiyala ta rube kuti timawilo ta wotchi tizizungulira pamenepo osaperepeseka msanga. Koma mu 1902 Auguste Verneuil wa ku France analengeza njira yopangira rube m'fakitale, ndipo kuchokera apo timiyala ta m'mawotchi ambiri n'topanga, totsika mtengo zedi.

Mawotchi a miyala yeniyeni analipo, koma sanali a anthu a m'mugodi. Mu 1957 kampani ya Piaget ya ku Switzerland inapanga makina a wotchi opyapyala mamilimita awiri okha. Malo amene anatsalawo anawalola, m'ma 1960, kusema mwala n'kuusandutsa nkhope ya wotchi: lapis lazuli wabuluu, malachite wobiriwira, jade, ndi tiger's eye wa mizere yagolide. Jacqueline Kennedy anali ndi ya jade. Mwala wopyapyala chotero umasweka msanga pousema, n'chifukwa chake yakale yopanda mng'alu anthu amailimbirana mpaka lero. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti tiger's eye wambiri amachokera ku Northern Cape, ndipo golide wa m'mawotchi ambiri a zaka zimenezo anali wa m'migodi yomwe makolo athu ankatsikamo.

Nanga rube weniweni? Tili naye pafupi pompano, paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, pamene anapezeka mu 1958. Aphunzitsi anzanga, ndi angati mwa ife amene tinalitchulapo phirili m'kalasi?

Za wotchi ija, tinapita nayo kwa wokonza mawotchi ku Limbe, amalume ali pomwepo. Atatsegula kumbuyo tinaona timadontho tofiira, tochepa kuposa njere ya mawere. Amalume anangofunsa kuti basi ya ku Mwanza inyamuka nthawi yanji, wotchi n'kundisiyira.