Tinali Anyamata mu Mzinda wa Tete

Amene anali ndi zaka 20 mu 1986 lero ali pa zaka 60 kapena akuyandikira. Ena tawaika kale m'manda kuno ku Furancungo, ena ku Tsangano, ena anatsalira ku Ntcheu ndi ku Dedza kumene anathawira. Ndayamba ndi kuwerenga zaka cifukwa mwezi wathawu ndinapita kukaceza ndi mnzanga amene tinkagona cipinda cimodzi ku Tete tili pa sukulu. Ndinafuna kujambula mawu ake pa foni. Ndinakapeza atamuika kale, patapita sabata ziwiri.

Mabuku a mbiri ali ndi masiku akuluakulu. Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975. Pa 8 Malici 1977 Samora Machel anauza ophunzira a makalasi apamwamba kuti asiye kaye zofuna zawo akagwire nchito kumene dziko likusowa anthu, ndipo ambiri anasanduka aphunzitsi ndevu zisanamere. Mu 1983 kunabwera Operação Produção, pamene anthu a m'mizinda oonedwa ngati osagwira nchito ankatengedwa kukalima kutali, ambiri ku Niassa. Zonsezi ndi zoona. Koma buku silikuuza mmene mnyamata wocokera ku Macanga ankayendera m'misewu yotentha ya Tete dzanja lili pathumba, kusisita mapepala ake kuti aone ngati akadalimo, pakuti wopanda cikalata ca sukulu kapena guia de marcha sankadziwa kumene akagone tsiku limenelo.

Mzinda wa Tete sunagwe m'manja mwa Renamo pa nkhondo yonse ija. Tsono wina angafunse kuti unagawanika bwanji. Mtsinje wa Zambezi umagawa mzindawo pakati, Matundo tsidya lino, koma malire enieni sanali mtsinje ayi. Anali m'zipinda momwe tinkagona. M'cipinda cimodzi munali wa ku Changara, wa ku Mutarara, wa ku Angónia ndi ine. Masana tonse tinkaimba nyimbo zimodzi pa misonkhano ndi kuchula a kuchire kuti bandidos armados, kapena matsanga, dzina locokera kwa André Matsangaissa amene anafa mu 1979. Usiku aliyense ankagona ndi cinsinsi cake. Wina mcimwene wake anali msilikali wa boma. Wina mng'ono wake anatengedwa kumunda ndipo tsopano ankanyamula mfuti ya mbali inayo. Funso wamba lakuti “kwanu ali bwanji?” tinasiya kufunsana, cifukwa yankho lake likanaulula amene akulamulira mudzi wako.

Caka ca 1986 cinali cowawa kwa ife olankhula Cinyanja. Mu Seputembala Samora anapita ku Blantyre pamodzi ndi Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe kukauza Kamuzu Banda kuti Malawi asiye kuthandiza Renamo. Pa 19 Okutobala ndege yake inagwa ku Mbuzini. Mu Novembala Ulóngue anaukiridwa. Mu mzinda wa Anyungwe, cilankhulo cathu cinkamveka ngati ca ku Malawi, ndipo pa bixa yogulira ufa tinaphunzira kulankhula Cinyungwe copindika kapena kungokhala cete. Palibe amene anandimenya, ndisaname. Koma maso ankalankhula.

Cimene cinkatilumikiza ndi kwathu cinali koluna, mdipiti wa malole ocokera ku Zimbabwe opita ku Malawi, operekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, amene ankawoloka pa mlatho kudzera ku Moatize mpaka ku Zóbuè. Kalata yopita kwa amayi inkapatsidwa kwa dalaivala, n'kudutsa Mwanza, n'kukafika ku Ntcheu m'manja mwa wacibale, mwina patatha miyezi. Taganizani: kalata ya m'cigawo cimodzi ca Tete kuyamba yatuluka m'dziko kuti ipeze mwini wake, amenenso anali atatuluka kale. Othawira ku Malawi anapitirira miliyoni imodzi, ndipo inu owerenga ambiri munali m'gulu limenelo kapena munalandira alendowo pakhomo panu.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo nyumba ya malamulo inakhululukira milandu ya nkhondo. Pa cisankho ca 1994 Frelimo inapambana m'dziko lonse, koma m'cigawo ca Tete Renamo ndiyo inapeza mipando yambiri. Ndi pamene tinazindikira kuti anzathu oimba nafe masana aja sanali onse a mtima umodzi. Ku South Africa anakhazikitsa bungwe lotsogoleredwa ndi Desmond Tutu kuti anthu akanene poyera zimene zinacitika. Ife tinasankha kusakumba. Sindinyoza cisankho cimeneco. Cinalola wakupha ndi woferedwa kutunga madzi pacitsime cimodzi. Komabe mu 2016, anthu a ku Moatize ndi Tsangano atayambanso kuthawira ku Kapise ku Mwanza, ana athu anatifunsa kuti zimenezi zimayamba bwanji, ndipo ambirife tinangoweramitsa mitu.

Pa anthu ocepa amene ndaceza nawo ndaphunzira kuti munthu usamufunse kuti anali mbali iti. Akatero amakupatsa mpando, n'kukamba za mtengo wa fodya mpaka dzuwa kulowa. Mufunse cimene ankadya, nsapato zimene ankavala, mtsikana amene ankamufuna, ndipo zinazo zimabwera zokha. Amayi amene anali atsikana nthawi imeneyo amalankhula bwino amuna awo akacokapo, ndipo zina zimene amanena amapempha kuti foni izimitsidwe kaye. Ndimazimitsa. Dzina la munthu sindilemba pokhapokha mwini wake atavomera, ngakhale nkhaniyo ikhale yokoma bwanji.

Mkazi wa malemu mnzanga uja anandiuza kuti m'sutikesi muli makalata amene amayi ake ankamutumizira kucokera ku Ntcheu, ena olembedwa pa mapepala a kope ndi dzanja la mwana wa sukulu, popeza iwo sankadziwa kulemba. Wandilola kukawawerenga akacotsa zovala zamaliro, koma akuti sadzatuluka m'nyumbamo. Ndidzapita ndi kope langa ndikakopere pomwepo.