Waldo ndi Francis: Maitanidwe Amodzi, Njira Ziŵiri

Masiku ano timamva ena akunena kuti amakonda Mulungu mumtima mwao, koma za mpingo, malamulo ake ndi atsogoleri ake, safuna kumva. Nkhani imeneyi si yachilendo m'mbiri ya Eklezia. Kuti tiimvetse bwino, tiyeni tiyang'ane anthu aŵiri amene adamva maitanidwe ofanana, koma mathero ao adasiyana kutali.

Cha m'ma 1173, Peter Waldo, munthu wamalonda wolemera wa mumzinda wa Lyon ku France, adagaŵira amphaŵi chuma chake, ndipo adalipira anthu ophunzira kuti amasulire Mthenga Wabwino m'chinenero cha anthu wamba. Mu 1179 otsatira ake adapita ku Rome pa nthaŵi ya Msonkhano Wachitatu wa ku Lateran. Papa Alexander III adayamikira umphaŵi wao, koma adaŵaletsa kulalika popanda chilolezo cha atsogoleri a mpingo akwao. Chilolezocho chitasoŵa ku Lyon, iwo adapitirizabe kulalika, poganiza kuti kumvera Mulungu kupambana kumvera anthu. Mu 1184, ku Verona, Papa Lucius III adaŵachotsa mu Eklezia.

Patapita zaka 30 chichokere ulendo wa otsatira a Waldo uja, mu 1209, Francis wa ku Assisi, mwana wa wogulitsa nsalu, adafika ku Rome ndi anzake ochepa. Pempho lake linali lomwelo: kukhala amphaŵi ndi kulalika kulapa. Iye anali ndi Episkopi Guido womulankhulira, ndiponso adapeza Papa Innocent III, amene anali atazindikira kuti kutsekera anthu otere chitseko nkutaya ana a mpingo. Papayo adavomera ndi mau apakamwa, ndipo mu 1223 Papa Honorius III adatsimikiza Lamulo la chipanicho.

Nanga kusiyana kwake kunali pati? Moto wa mumtima unali umodzi. Koma Francis adapereka moto wake kuti ena auyese, ndipo adapeza abusa odziŵa kumvetsera. Waldo adalephera kudikira, nawonso abusa ake adalephera kumupatsa malo. Moyo wauzimu ndi yankho la munthu payekha kwa Mulungu, ndipo palibe angamuyankhire. Mpingo ndiwo umasunga Malembo, Masakramenti ndi chiphunzitso, kuti yankholo lisasanduke maganizo a munthu mmodzi chabe. Paja mutu umodzi susenza denga.

Mtengo wa kupatukanako unali waukulu. Otsatira a Waldo adathaŵira m'mapiri a Alps. Mu 1532 adagwirizana ndi Aprotestanti, ndipo mu 1655 ambiri a iwo adaphedwa ku Piedmont. Mu 2015 Papa Francis adaloŵa m'tchalitchi chao ku Turin napempha chikhululukiro m'dzina la Eklezia Katolika.

Ife ansembe, ndi inu amene mukukonzekera unsembe, tidzakumana ndi akhristu eniake odza ndi changu chimene sichikupezeka m'ndondomeko ya parishi: mai wosonkhanitsa anzake kuti apemphere, mnyamata wofuna kuphunzitsa Malembo m'mudzi. Ndi udindo wathu kuyesa mizimu, ndipo nthaŵi zina tidzayenera kukana. Koma tisanakane, tiyambe takhala pansi nkumvetsera, pokumbukira kuti wogogoda pakhomo pathuyo angathe kudzakhala Waldo kapena Francis, malinga ndi m'mene ifeyo tamulandirira.