Zambianisation: Ndondomeko Yopereka Maudindo kwa Nzika za Zambia

Zambianisation ndi dzina la ndondomeko imene boma la Zambia linatsatira dzikolo litalandira ufulu wodzilamulira pa 24 October 1964, pofuna kuti maudindo amene anali m'manja mwa anthu ochokera kunja aperekedwe kwa nzika. Ndondomekoyi inakhudza ntchito za boma ndi zamalonda, koma makamaka migodi ya kopa ya ku Copperbelt, imene inali gwero lalikulu la chuma cha dziko.

Chiyambi chake

Pa nthawi ya atsamunda, ntchito zaluso za m'migodi zinkasungidwira azungu. Bungwe lawo la apantchito, lomwe linakhazikitsidwa mu 1936, linkaumiriza makampani kuti anthu akuda asakwezedwe. Maphunziro a anthu akuda nawonso ananyalanyazidwa, moti pofika mu 1964 nzika zimene zinali ndi digiri zinali pafupifupi 100 zokha. Motero boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda linayenera kuthetsa tsankho pantchito, uku likuphunzitsa anthu oti adzatenge maudindowo. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966.

Mmene inayendera

Mu April 1968, polankhula ku Mulungushi, Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani angapo akuluakulu a eni akunja, ndiponso kuti amalonda amene sanali nzika azichita malonda awo pakati pa mizinda ikuluikulu pokha. Mu August 1969, ku Matero mumzinda wa Lusaka, analengezanso zomwezo pa migodi ya makampani a Anglo American ndi Roan Selection Trust. Makampani awiri amene anapangidwa potsatira zimenezi anaphatikizidwa mu 1982 kukhala Zambia Consolidated Copper Mines, ndipo mkulu wake anali nzika, Francis Kaunda.

Zovuta zake

Kupereka udindo sikunatanthauze kupereka mphamvu. Katswiri wa zachikhalidwe cha anthu, Michael Burawoy, amene anachita kafukufuku m'migodimo, anasonyeza m'buku lake la mu 1972 kuti kawirikawiri nzika ikakwezedwa, mzungu amene anali pa udindowo ankapatsidwa udindo wina watsopano pamwamba pake, ndipo ankapita ndi mphamvu zambiri za udindo wakalewo. Nzikayo inkatsala ndi dzina la udindo, koma zinthu zikalakwika mlandu unkagwera iyo. Tsankho silinathe, linangokwera pamwamba.

Ngakhale zinali choncho, m'kupita kwa zaka chiwerengero cha anthu akunja m'migodi chinatsika kwambiri, ndipo dziko linakhala ndi mainjiniya, akatswiri a miyala ndi mamanijala akeake.

Zotsatira zake

Mtengo wa kopa utatsika mu 1975, boma linasowa ndalama zokonzera migodi. Pakati pa 1997 ndi 2000 migodiyo inagulitsidwanso kwa makampani, ambiri mwa iwo akunja, ndipo funso la amene ayenera kukhala pa maudindo akuluakulu linabukanso. Mu 2006 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Citizens Economic Empowerment Act, lolimbikitsa kuti nzika zizikhala ndi gawo m'makampani ndi m'maudindo, zomwe zinasonyeza kuti ntchito imene inayambika mu 1964 inali isanathe.