Mpamba

Mawu oti mpamba satanthauza chuma chonse chimene munthu ali nacho, koma chokhacho chimene wachipatula kuti ayambire malonda, chomwe sayenera kuchikhudza ngakhale njala italowa m'nyumba. N'chifukwa chake tikamva kuti uje wadya mpamba, timadziwa kuti malonda ake aferatu.

Kale mpamba unkachokera kwa malume kapena pa zokolola, koma maboma ena anazindikira kuti nzeru nazonso, zikasowa poyambira, zimafera m'mutu mwa mwini wake. Ku United States, m'chaka cha 1982, anakhazikitsa lamulo loti nthambi za boma zimene zimapereka ndalama zambiri za kafukufuku zizipatulako kagawo, komwe kanadzafika pa 3.2 peresenti, ka makampani a antchito osapitirira 500. Ndipo dongosolo limeneli, lotchedwa SBIR, limayamba ndi ndalama zochepa zoyesera ngati nzeruyo ingatheke, kenako zochulukirapo zopangira chipangizocho, kufikira mwini wake atadziimira yekha pamsika. Pakuti kawirikawiri ndalamazi sizibwezedwa, ndiponso boma silitenga gawo m'kampanimo, ena angaziyese mphatso chabe; koma akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo taonani, kampani ya Qualcomm, imene inalandirako idakali yaing'ono, inadzalemba ntchito anthu zikwizikwi.

Ku United States komweko, kuyambira 2011 bungwe la National Science Foundation limaphunzitsanso akatswiri kukafunsa ogula asanapange kanthu, ndipo maphunziro oterowo ine ndiwayesa mpamba ndithu, woposa ndalama zopatsidwa kwa munthu wosadziwa msika.