6 Julaye: Tsiku Limodzi, Mbiri Zambiri

Tsiku la 6 Julaye ndi la nambala 187 pa chaka, kapena 188 m'chaka chomwe mwezi wa Febuluwale uli ndi masiku 29. Ku Malawi limagwa mkati mwa nyengo yozizira, anthu akuwotha moto m'mawa ndipo Blantyre ndi Thyolo zitakutidwa ndi chiperoni. Kuno ku Dubai limagwa pachimake pa kutentha, sukulu zambiri zitatsekera, ndipo kwa ogwira ntchito si tsiku la tchuthi ayi. N'chifukwa chake ana athu obadwira kapena okulira kuno amalidziwa bwino tsiku la 2 Disembala, lomwe dziko la United Arab Emirates limakumbukira kukhazikitsidwa kwake mu 1971, koma akafunsidwa za 6 Julaye amangoyankha kuti "Independence" n'kuthera pomwepo. Nazi zomwe zidachitika patsikuli kwathu ndi kwina, kuti mwana akafunsa, kholo likhale ndi chonena.

1958: Kamuzu atera pa Chileka

Lamulungu pa 6 Julaye 1958, Dr Hastings Kamuzu Banda adatsika ndege pa bwalo la Chileka atakhala kunja kwa dziko zaka zoposa 40. Adaphunzira ku America ndi ku Scotland, nagwira ntchito ya udokotala ku Britain kenaka ku Kumasi m'dziko la Ghana. Omwe adamuitana adali andale achinyamata a chipani cha Nyasaland African Congress, monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, omwe ankafuna munthu wachikulire komanso wophunzira woti atsogolere nkhondo yothetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chichewa adali atachiiwala kwambiri, moti pamisonkhano ankalankhula Chingerezi wina n'kumatanthauzira.

Zinthu zidathamanga. Mu Ogasiti chaka chomwecho adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Congress pamsonkhano wa ku Nkhata Bay. Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda lidamumanga n'kukamutsekera kundende ya Gwelo, komwe lero ndi Gweru ku Zimbabwe, ndipo adatuluka pa 1 Epulo 1960. Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963.

1964: Nyasaland asanduka Malawi

Tsiku la ufulu wodzilamulira silidangogwa lokha pa 6 Julaye. Lidafananitsidwa ndi tsiku lomwe Kamuzu adabwerera kumudzi, patatha zaka zisanu ndi chimodzi ndendende. Pakati pa usiku wolowa Lolemba pa 6 Julaye 1964, mbendera ya Britain idatsitsidwa pa bwalo lamasewero lalikulu mu Blantyre, lomwe lero timalitcha Kamuzu Stadium, ndipo m'malo mwake mudakwera mbendera ya mitundu itatu, wakuda, wofiira ndi wobiriwira, yokhala ndi dzuwa lotuluka. Prince Philip ndiye adaimira Mfumukazi Elizabeth II pamwambowo.

Ambiri amasokoneza apa: mu 1964 Kamuzu sadali pulezidenti. Adali nduna yaikulu. Mfumukazi ya ku Britain idakhalabe mutu wa dziko, ndipo woiimira adali Sir Glyn Jones, yemwe adali bwanamkubwa womaliza wa Nyasaland.

Chisangalalo sichidakhalitse. Mu Sepitembala 1964, patangotha miyezi iwiri, Kamuzu adasemphana ndi nduna zake. Adachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo, ndipo ena, kuphatikizapo Chipembere ndi Yatuta Chisiza, adatula pansi maudindo awo. Ambiri mwa iwo adathawira kunja. Omwe adamuitana mu 1958 ndiwo adayamba kulawa mkwiyo wake.

1966 ndi 1971: mphamvu zonse kwa munthu mmodzi

Pa 6 Julaye 1966 Malawi adasanduka ripabuliki, Kamuzu nakhala pulezidenti woyamba. Malamulo atsopano oyendetsera dziko adakhazikitsanso kuti chipani chololedwa ndi chimodzi chokha, Malawi Congress Party. Choncho tsiku lomwe dziko lidasiyana kwathunthu ndi ufumu wa Britain ndi lomwenso Amalawi adataya ufulu wosankha chipani china.

Pa 6 Julaye 1971 Kamuzu adalumbiritsidwa kukhala pulezidenti wamuyaya. Udindowu udakhalapo zaka 22. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu adasankha ndale za zipani zambiri, upulezidenti wamuyaya udathetsedwa chaka chomwecho, ndipo pachisankho cha pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi adagonjetsa Kamuzu.

2017 ndi 2020: maliro ndi mliri

Pa 6 Julaye 2017, pokondwerera zaka 53 za ufulu, khamu la anthu lidasonkhana pazipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe kudikira masewero a mpira pakati pa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Zipata zidachedwa kutsegulidwa, anthu adayamba kukankhana, ndipo anthu asanu ndi atatu adamwalira atapondedwa. Ambiri mwa iwo adali ana. Bwaloli lidali litangotsegulidwa kumayambiriro kwa chaka chomwecho. Kwa mabanja amenewo, 6 Julaye ndi tsiku lokumbukira manda.

Pa 6 Julaye 2020 padachitika mwambo wolonga Dr Lazarus Chakwera, yemwe adapambana chisankho chobwereza cha pa 23 Juni khoti litafafaniza zotsatira za 2019. Mwambowu umayenera kukhala wa khamu pa Bingu Stadium, koma chifukwa cha kufala kwa Covid-19 udasamutsidwira ku Kamuzu Barracks komwe kudafika anthu owerengeka.

Anzathu a mu Africa

Tsikuli sitili nalo tokha. Zilumba za Comoros, zomwe zili m'nyanja pakati pa Mozambique ndi Madagascar, zidalengeza ufulu wake kuchoka m'manja mwa France pa 6 Julaye 1975, motsogozedwa ndi Ahmed Abdallah. Chilumba chimodzi, Mayotte, chidasankha kutsalira ku France ndipo chili komweko mpaka lero.

Kwa anzathu a ku Nigeria, omwe timagwira nawo ntchito ambiri kuno, tsikuli lili ndi mbiri yowawa. Pa 6 Julaye 1967 nkhondo ya pachiweniweni idayamba, asilikali a boma atalowa m'chigawo chakum'mawa chomwe Odumegwu Ojukwu adachilengeza kuti ndi dziko loima palokha la Biafra. Nkhondoyo idatha mu Januwale 1970, ndipo anthu ochuluka zedi, makamaka ana, adafa ndi njala. Zambia ndi Tanzania adali m'gulu la maiko ochepa omwe adavomereza Biafra ngati dziko.

Kunja kwa Africa

Pa 6 Julaye 1885 ku Paris, mnyamata wa zaka zisanu ndi zinayi, Joseph Meister, yemwe adalumidwa ndi galu wachiwewe, adayamba kubayidwa katemera yemwe Louis Pasteur ndi anzake adali atamuyesa pa nyama. Mnyamatayo sadadwale, ndipo atakula adagwira ntchito yoyang'anira pakhomo pa Institut Pasteur. Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa chiwewe chikadapha anthu kwathu, makamaka ana. Wolumidwa ndi galu ayenera kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala zizindikiro zisanayambe, popeza zikangoyamba, kuchira n'kosowa.

Pa 6 Julaye 1957 Althea Gibson wa ku America adakhala munthu wakuda woyamba kupambana mpikisano wa tenisi wa Wimbledon, ndipo adalandira mphotho yake kuchokera m'manja mwa Mfumukazi Elizabeth II. Tsiku lomwelo ku Liverpool, John Lennon adakumana koyamba ndi Paul McCartney pachisangalalo cha patchalitchi, chiyambi cha gulu la The Beatles.

Pa 6 Julaye 1988 malo opopera mafuta a Piper Alpha, m'nyanja ya North Sea kufupi ndi Scotland, adaphulika n'kupsa, ndipo anthu 167 adafa. Kafukufuku yemwe adatsatira ngoziyi adasintha malamulo a chitetezo pantchito zamafuta, ndipo omwe amagwira ntchito m'makampani amafuta amaphunzitsidwabe za ngoziyi.

Obadwa patsikuli ndi monga wojambula zithunzi wa ku Mexico Frida Kahlo (1907), Dalai Lama wa 14 (1935) ndi George W. Bush (1946). Katswiri woimba lipenga Louis Armstrong adamwalira ku New York pa 6 Julaye 1971, tsiku lomwe Kamuzu amalumbira upulezidenti wamuyaya.

Zoyenera kusiyanitsa

Zochitika za maiko enazi zidangokumana pa deti limodzi mwangozi. Za ku Malawi za 1964, 1966 ndi 1971 zidaikidwa patsikuli mwadala, potsata tsiku lomwe munthu mmodzi adatera pa Chileka. Mwana akamva za 1964 yokha, adzadabwa chifukwa chomwe agogo ake ena amaimba nyimbo za Kamuzu mwachisangalalo pomwe ena amangoti zii dzina lake likatchulidwa. Akamva zaka zonse zinayi, 1958, 1964, 1966 ndi 1971, pamodzi ndi riferendamu ya 1993, adzamvetsa kuti mbendera idakwera usiku umodzi koma ufulu wosankha atsogoleri udatenga zaka zina pafupifupi 30. Chaka chino mukamaphika nsima ya pa 6 Julaye m'nyumba zanu za ku Deira, Al Nahda kapena Sharjah, afotokozereni ana zonsezi, osaiwala ana omwe adatsala pazipata za Bingu Stadium.